Tulo tinabwera ngongole isanathe

Ndimagulitsa nkhuku zososola kale, masoseji ndi nsomba pa kantemba kanga ku Chawama, mu mzinda wa Lusaka. Malonda a mtundu uwu moyo wake ndi firiza, ndipo moyo wa firiza ndi magetsi. Mu 2024 mvula inakana, madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika, ndipo mu Malichi magetsi anayamba kuzima maola 8 pa tsiku. Pofika Sepitembala masiku ambiri tinkawaona maola 3 okha, kawirikawiri usiku anthu atagona. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala chaka chimenecho masiku ambiri sindinkagona maola opitirira 4 pa usiku. Nthawi yonseyo ndinkadziuza kuti mtima udzakhala m'malo ngongole ikadzatha. Maganizo amenewo ndi amene anandichedwetsa, chifukwa munthu wosagona sawerenga bwino ndalama, sakwanitsa kukambirana ndi amene anamukongoza, ndipo amakongola apa kuti atseke apo. Tulo tinayenera kubwera poyamba.

Zinayamba mu Meyi. Ndinaoda nkhuku 30 Lachisanu poyembekezera malonda a kumapeto kwa mwezi. Magetsi anazima Loweruka m'mawa, kenako mawaya a kudera kwathu anaonongeka, ndipo sanabwere mpaka Lolemba usiku. Nkhuku 22 ndinakazikwirira kuseri kwa nyumba. Pa nthawiyo sindinkadziwa kuti firiza yodzaza imene simukuitsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, pamene yodzaza theka imasunga maola 24 okha. Ine ndinkaitsegula kasitomala aliyense akabwera. Ndikanadzaza malo otsala ndi mabotolo a madzi oumitsa, n'kutulutsa katundu wa tsiku limodzi m'mawa kamodzi kokha, zambiri zikanapulumuka.

Mpamba utapita, ndinatenga kaloba ya K3,000 yoti pakutha pa mwezi ndibweze K4,500. Amuna anga sindinawauze. Juni atatha ndinapeza K1,500 yokha, ndipo mwini ndalama anailandira ngati chiwongoladzanja, K3,000 ija n'kukhalabe pomwepo. Julayi chimodzimodzi. Mu Ogasiti, kuti K1,500 ikwane, ndinakongolanso pa foni. Pa miyezi itatu ndinapereka K4,500 koma ngongole sinatsike ngakhale ngwee imodzi. Kaloba imagwira munthu chonchi: umalipira mwezi uliwonse, umamva ngati ukuyenda, pamene waima pamalo amodzi.

Thupi linayamba kulankhula mu Juni. Ndinkagona 10 koloko, n'kudzidzimuka cha m'ma 2 koloko mtima ukugunda mwamphamvu. Ndikatero ndinkayamba kuwerengera mumdima: lendi, kaloba, chilimba (gulu lathu losonkherana ndalama mosinthana), ufa, kenako kuyambiranso pa lendi. Masamu ake sankatha chifukwa chilichonse ndinkachiwerengera kawiri katatu. Masana khosi ndi mapewa zinkauma ngati ndasenza thumba la makala, mutu unkandimanga ngati duku lothina, m'mimba munkawotcha. Ndinkabweza chenje molakwika. Chimene chimandipwetekabe ndi mmene ndinkakalipira ana pa tinthu tating'ono, mpaka wamng'ono anayamba kuyenda monyang'ama akandiona ndakhala chete.

Njira zimene ndinayesa pa miyezi imeneyo zinangowonjezera moto. Mutu ndinkauziziritsa ndi paracetamol pafupifupi tsiku lililonse. Anamwino anadzandiuza pambuyo pake kuti mankhwala opha ululu ukamawamwa masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, iwo eni amayamba kubweretsa mutu. Kuti ndisawodzere pa kantemba ndinkamwa tiyi wamasamba ambiri mpaka madzulo, ndipo cha m'ma 4 koloko ndinkawonjezera chakumwa cha m'chitini chopatsa mphamvu. Tiyi ndi chakumwacho zili ndi caffeine yothawitsa tulo, imene theka lake limakhala lidakali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Chitini cha 4 koloko madzulo chinali chikugwirabe ntchito nthawi imene ndinkafuna tulo. Mu Ogasiti aneba ena, mwa chifundo chawo, anandipatsa timapiritsi togonetsa totsala kwa wodwala wawo. Usiku woyamba ndinagona ngati mwala. Pofika usiku wachisanu kamodzi sikankakwanira, ndipo m'mawa ndinkadzuka mutu uli zii. Ndinasiya chifukwa timapiritsito tinatha. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam thupi limawazolowera msanga, ndipo amene wawamwa nthawi yaitali sayenera kuwasiya mwadzidzidzi popanda dokotala. Musalandire mapiritsi a munthu wina, ngakhale amene akukupatsaniyo amakukondani.

Ndinasiyanso kupita ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, chifukwa awiri mwa amayi a chilimba chathu amapemphera komweko ndipo ndinali nditatsalira mwezi umodzi. Foni ikalira ndinkaiyang'ana mpaka itasiya yokha. Pa zolakwa zanga zonse, ichi ndimachiyesa chachikulu. Nkhawa imanenepa munthu akakhala yekha, ndipo ine ndinadzitsekera nayo m'nyumba.

Lachiwiri lina chakumapeto kwa Sepitembala ndinkachokera ku Soweto Market ndi katoni ya masoseji pamiyendo. Minibasi inaima mumzere wa magalimoto pa Kafue Roundabout, dzuwa likuswa mtengo, mawindo awiri osatseguka. Foni inanjenjemera m'chitenje. Sindinaione n'komwe, koma ndinadziwa kuti ndi mwini kaloba. Pomwepo mpweya unandithera. Mtima unathamanga, zala zinachita dzanzi, thukuta linatsika msana wonse, ndipo ndinatsimikiza kuti ndikufera pa mpando umenewo. Agogo ena amene anakhala pambali panga anachotsa katoni ija n'kuiika pa miyendo yawo, anandigwira dzanja, n'kunena kuti, "Mwana wanga, usalimbane nawo mpweya. Utulutse pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala la mwana." Anauza kondakitala kuti atsegule chitseko. Tisanafike pokhotera ku Chawama zinali zitayamba kutsika. Zonse zinatenga mphindi mwina 10, koma miyendo inakhala yolefuka tsiku lonse.

M'mawa mwake ndinapita ku kiliniki ya kufupi ndi kwathu. Ndinafika 7 koloko, ndinaonedwa cha m'ma 11. BP inali 152/96. Anamwino anandikhazika pa benchi mphindi 15, osalankhula, mapazi onse pansi, kenako anayezanso dzanja litatsamira pa tebulo: 138/88. Anayeza shuga ndi kuchuluka kwa magazi, zonse zinali bwino. Kenako anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti, "Amayi, usiku mumaganiza chiyani?" Funso limenelo palibe amene anali atandifunsapo. Ndinalira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatchula ngongole ija pakamwa. Anandifotokozera kuti zimene zinandichitikira m'minibasi achipatala amati panic attack. Thupi likaona ngati pali ngozi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, kupuma kumafulumira, minofu imakungika kuti munthu athawe. Ngongole suingaithawe ndi miyendo, choncho thupi limangokhala lokungika usana ndi usiku. Anandiuza kuti ndibwere masiku ena awiri kudzayezanso BP, popeza muyeso wa tsiku limodzi sukwanira kunena kuti munthu ali ndi matendawa, ndipo malire amene amayang'ana ndi 140/90.

Apa ndichenjeze kaye. Musadziuze nokha kunyumba kuti kupweteka kwa pachifuwa ndi maganizo chabe. Kuchepa kwa magazi, shuga wotsika, vuto la chithokomiro ndi matenda a mtima zimatha kuoneka chimodzimodzi. Ululu wolemera pachifuwa umene ukufalikira ku dzanja, kukhosi kapena ku nsagwada, kukomoka, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena lilime kulemera, zimenezo n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Kayezetseni kaye, ndipo zina zonse zimene ndikulemba pansipa zibwere pambuyo.

Choyamba chimene ndinaphunzira ndi kupuma, ndipo sabata yoyamba ndinkalakwitsa. Njira yake ndi iyi. Khalani pa mpando, mapazi pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere, chifuwa chisakwere kwambiri. Tulutsani ndi pakamwa, milomo yofinya, mukuwerenga mpaka 6. Kumeneko ndi kupuma ka 6 pa mphindi, ndipo pa mphindi 5 mumapuma ka 30. Mphamvu yake ili pa kutulutsa: mpweya ukamatuluka nthawi yaitali, kugunda kwa mtima kumatsika. Ine poyamba ndinkakoka mpweya wambiri mwamphamvu poganiza kuti ndiye kupuma kwenikweni, n'kumachita chizungulire. Kukoka ndi kutulutsa mofulumira kumachepetsa mpweya wa carbon dioxide m'magazi, ndipo n'kumene kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi lija la m'zala. Mpweya ukhale wochepa, wofatsa. Ngati 4 ndi 6 zikukubanikitsani, yambani ndi 3 ndi 5. Cholakwa chachiwiri chinali kudikira mantha kuti ndiyambe. Chinthu chimene sunachizolowere uli bwino sichikuthandiza uli pamoto. Ndinayamba kuchita kawiri pa tsiku, m'mawa ndisanatsegule kantemba ndi madzulo ndisanasonkhe mbaula. Powerenga ndinkasokonezeka, choncho ndinaika nyemba 10 m'kambale: kupuma kulikonse nyemba imodzi ipite mbali ina, maulendo atatu.

Chachiwiri chinali kope la K10 la ana asukulu. Anamwino aja anandiuza kuti ndilembe ngongole iliyonse, mwini wake, ndalama zake ndi tsiku lobweza. Ndinazengereza masiku atatu chifukwa ndinkaopa chimene ndikaone. Nditalemba zinali motere: kaloba K4,500, ya pa foni K950, lendi ya mwezi umodzi K1,200, chilimba K400, kwa amene amandipatsa masoseji K700. Zonse K7,750. Ndinawonkhetsa katatu. M'mutu mwanga usiku ndalamazi zinkaoneka ngati zapitirira K20,000, chifukwa mumdima ngongole imodzi imabwera kangapo itavala zovala zosiyana. K7,750 inali yambiri kwa ine, koma inali ndi polekezera. Usiku umenewo ndinadzukabe 2 koloko, koma masamu aja analibe poyambira popeza yankho linali kale m'kope.

Kope lomwelo linakhala malo a nkhawa za tsiku ndi tsiku. Ndinasankha nthawi imodzi, 5 koloko madzulo, mphindi 15, nditakhala pa kampando kuseri kwa kantemba. Pabedi ayi, ndiponso isakhale nthawi yoyandikira kugona. Tsamba ndinkaligawa pakati. Kumanzere ndinkalemba zimene ndingachitepo kanthu, kumanja zimene sizili m'manja mwanga: mvula, nthawi imene magetsi abwere, mtengo wa ufa, zimene anthu akunena za ine. Za kumanjazo ndinkaziwerenga kamodzi, kuzipereka m'pemphero, n'kutseka. Za kumanzere ndinkasankha chimodzi chokha n'kulemba kanthu kakang'ono koti ndichite, tsiku lake ndi ola lake. Apa m'pamene ambiri timaphonya. Masiku oyamba ndinkalemba kuti "kubweza ngongole", ndipo m'mawa ndinalibe poyambira. Zimenezo ndi zofuna chabe. Chochita chenicheni chimaoneka chonchi: "Lachinayi 7 koloko m'mawa, kupita kwa alandilodi ndi K400, kupempha kuti yotsala ndimalize pa 20." Nkhawa ikabwera nthawi ina masana, ndinkalemba liwu limodzi pa kapepala n'kudziuza kuti tionana 5 koloko. Sabata yoyamba inkabwerera mwina ka 20 pa tsiku. Musaganize kuti mwalephera zikatero. Nthawi iliyonse muibweze pa ola lake, ndipo pang'onopang'ono imazolowera. Ndinadabwa kuona kuti pofika 5 koloko, pafupifupi theka la zimene ndinalemba pa kapepala zinali zitazirala zokha.

Tulo ndi timene tinavuta kwambiri, ndipo magetsi obwera usiku ankasokoneza zonse. Akabwera 1 koloko, mababu onse ankayaka, TV inkalira, ndipo ine ndinkadumpha kukayang'ana firiza, kutchaja mafoni ndi kusita. Ndikatenga foni ndinkalowa pa WhatsApp ndi Facebook mpaka tambala. Tinakonza motere: tisanagone tinkazimitsa maswichi onse a mababu ndi TV, kusiya firiza ndi mafoni zili zolumikiza kale kuti magetsi akabwera zigwire zokha. Foni inasiya kugona kuchipinda. Kusita tinakusiyira nsimbi ya makala Loweruka. Kenako ndinaika nthawi imodzi yodzukira, 5:30, tsiku lililonse ngakhale Lamlungu, ngakhale usikuwo ndagona maola 3. Chimenechi chimawawa, koma ndi chimene chimakonza wotchi ya thupi. Kugona masana kuti ubweze tulo ta usiku kumangobera usiku wotsatira, choncho ngati ndalephereratu ndinkatsinzina mphindi 20 zokha isanakwane 3 koloko. Tiyi womaliza ndinkamwa isanakwane 12 koloko masana, ndipo zam'chitini zija ndinazisiya. Masiku anayi oyamba mutu unandipweteka kwambiri chifukwa thupi linkafuna caffeine. Ndikanadziwa, ndikanachepetsa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi.

Ndikadzuka usiku, sindinkayang'ana nthawi, chifukwa kuona kuti ndi 2:40 kumayambitsa masamu ena a maola amene atsala. Ndikaona kuti papita mphindi ngati 20 tulo tisakubwera, ndinkadzuka kukakhala pabalaza ndi katochi kofooka, kusankha nyemba za mawa kapena kuwerenga Masalimo, mpaka zikope zitalemera. Cholinga chake n'chakuti thupi lisazolowere kuti bedi ndi malo oganizirapo. Okutobala wa ku Lusaka nayenso sagonetsa. Kusamba madzi ofunda pang'ono usanagone, kutsegula windo uli m'neti, ndi kuyala chitenje chonyowa pamiyendo kunandithandiza. Kwa abambo amene amati botolo limodzi kapena awiri amagonetsa: mowa umagwetsa munthu msanga, koma umadula tulo chakum'mawa, ndipo nkhawa ya tsiku lotsatira imakula.

Kuyenda ndinakuwonjezera sabata yachitatu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 masiku 5. Ndinkaganiza kuti kuima pa kantemba tsiku lonse n'kokwanira, koma kuima kumangotopetsa msana. Pamafunika kuyenda ndawala, mofulumira moti ungathe kulankhula koma osatha kuimba. Ndinapangana ndi mlamu wanga kuti tiziyenda kukangoyera, chifukwa ndekha ndikanasiya tsiku lachitatu, komanso mumdima mkazi sayenda yekha m'komboni. Ndinasiyanso kudumpha chakudya cha masana. Njala imanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, ndipo munthu wankhawa amayesa kuti mantha aja abweranso. Chifukwa cha BP ndinachepetsa mchere. Muyeso wake ndi wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo umene uli kale mu timakyubu tokometsera ndiwo ndi m'masoseji.

Chimene ndinkachiopa kuposa zonse chinali kuuza amuna anga. Ndinachilemba m'kope masiku asanu otsatizana osachichita. Mlamu wanga ndi amene anandikumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasankha Lamlungu titadya, ana atapita kosewera. Ndinaika kope patebulo n'kunena kuti, "Bambo, pali chimene ndakubisirani kuyambira Meyi. Ndikupempha mumve mpaka ndimalize." Anawerenga tsamba lija kawiri. Anafunsa funso limodzi lokha: "Mayi, miyezi yonseyi mumandiona ngati mlendo m'nyumba muno?" Anakhala masiku awiri osandilankhula bwino. Ndalamazo sizinawapweteke ngati mmene kubisa kunawapwetekera, ndipo anali ndi chifukwa. Tsiku lachitatu anabwera ndi K950 ya ngongole ya pa foni, anati tiyambe ndi imeneyo chifukwa chilango chake chinkakwera. Kupita ndi kope kunathandiza kwambiri, chifukwa tinkakambirana manambala olembedwa m'malo mokumbana mitima. Koma ndikudziwa kuti si nyumba zonse zili ngati yathu. Ngati amuna anu kapena akazi anu amamenya, musayambire kwa iwo muli nokha. Yambirani kwa ankhoswe, alangizi kapena abusa, ndipo pakakhala nkhanza, ku polisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Kwa mwini kaloba tinapita awiri, m'mawa, tsiku lobweza lisanafike. Zimenezi n'zofunika: ukapita wekha tsiku lisanakwane umakambirana, akakupeza iye tsiku litadutsa umangopepesa. Ndinawaonetsa kuti ndinali nditapereka kale K4,500, ndipo ndinanena zoona kuti K1,500 pa mwezi sindingaikwanitsenso. Anakalipa, anatchula zotenga firiza. Tinakhala chete mpaka atamaliza. Pomaliza tinagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime, ndibweze K3,500 popereka K250 Lachitatu lililonse. Tinalemba pa pepala, tonse tinasaina, aliyense n'kutenga lake, ndipo ndalama ndinkatumiza pa foni kuti uthenga ukhale umboni. Musalonjeze ndalama imene mungaipeze pa sabata yabwino yokha. Lonjezani imene mungaipeze pa sabata yoipa. Pa K3,000 imene ndinakongola, zonse pamodzi ndinabweza K8,000. Ndikanapita kukakambirana mu Juni, ndalama zambiri mwa zimenezo zikanakhala mpamba wanga.

Panalinso mafoni a kumudzi ku Katete, kumene chilala chomwecho chinawotcha chimanga. Aliyense woimba anali ndi vuto lenileni, ndipo ine ndinkayankha kuti ndiona, kenako n'kumagona nalo. Mawu akuti ndiona amasenzetsa katundu onse awiri: wakumudzi amadikira, iwe umabisala. Tinagwirizana ndi amuna anga ndalama imodzi pa mwezi, tsiku limodzi, kudzera kwa munthu mmodzi. Ndinaphunzira kunena kuti, "Amalume, mwezi uno ndili ndi K200 yokha, ndidzatumiza kwa amayi pa 30, mukagawane kumeneko." Ena anakhumudwa mwezi woyamba. Mwezi wachiwiri mafoni anachepa, ndipo amene ankaimba tinkachezanso za mvula ndi za ana.

Kantemba nakonso ndinakasintha kuti kasamadalire chinthu chimene sindingachilamulire. Ndinachepetsa za m'firiza, n'kuika kapenta wouma, nyemba, mazira ndi soya. Nkhuku ndinayamba kuzipha pokhapokha munthu ataitanitsa dzulo lake. Phindu linatsika, koma usiku ndinalibenso katundu wa K3,000 amene akusungunuka ndili pabedi. Za mmene thupi linasinthira, ndinene mosakometsera. Sabata yoyamba zinaipiraipira, chifukwa ndinali nditasiya tiyi wamadzulo ndi kugona masana. Sabata yachitatu ndinagona maola 5 osadzuka, koyamba kuchokera mu Meyi popanda mapiritsi. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi masiku ambiri ndinkagona maola 6 kapena 7. Mu Novembala BP inali 128/82 popanda mankhwala. Nthawi imeneyo ngongole ya kaloba inali isanafike ndi theka lomwe.

Mu Disembala ndinadzimva kuti ndachira, ndipo kope, nyemba ndi kuyenda ndinazisiya zonse. Januwale anabwera ndi mayunifomu, nsapato, makope a ana, matope a ku Chawama ndi makasitomala opanda ndalama. Ndinaphonya Lachitatu katatu, ndipo 2 koloko ija inabwerera. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo uno ndinazindikira msanga. Zizindikiro zanga zoyamba ndi zitatu: kuuma khosi, kusiya foni ikulira, ndi kukalipira ana. Ndikaona ziwiri mwa zimenezi, tsiku lomwelo kope limatuluka. Zinanditengera masiku 10 kuti tulo tibwerere, osati miyezi isanu. Dziwani zizindikiro zanu, ndipo muuze munthu mmodzi wa m'nyumba kuti azikuuzani akaziona, chifukwa mwini wake amakhala womaliza kuzindikira.

Njira zimenezi zili ndi malire ake. Zimathandiza pa nkhawa za tsiku ndi tsiku, za lendi, malonda, ana ndi ntchito. Koma ngati papita masabata awiri mtima uli wosweka tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomanso, chakudya sichikulowa, kapena mukulephera kugwira ntchito, pitani kuchipatala mukanene momwemo. Musangonena kuti mutu ukupweteka, chifukwa mudzabwerako ndi paracetamol. Nenani kuti, "Sindikugona, ndikuganiza kwambiri, ndipo zatenga miyezi yakuti." Ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, ngakhale kamodzi, uzani munthu tsiku lomwelo, musagone nokha, ndipo mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapiritsi zichotsedwe m'nyumba. Nambala ya 933 ya Lifeline, bungwe lopereka uphungu pa foni, ndi yaulere, ndipo ya ana ndi 116. Chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama Hills pa Great East Road anthu amachiopa chifukwa cha dzina limene tinachipatsa tokha, koma kumapita anthu ambiri amene amaonana ndi dokotala kapena mlangizi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana. Ine ndinachita zonse ziwiri, ndipo ku Chigwirizano ndinabwerera mu Okutobala nditauza amayi a chilimba zoona zake. Anandipatsa miyezi iwiri yoti ndimalize K400 ija.

K250 yomaliza ndinatumiza kumapeto kwa Januwale 2025, ndipo pepala lija tinakalembapo kuti zatha, tonse n'kusainanso. Masiku ena ndimadzukabe pakati pa usiku, makamaka lendi ikayandikira. Kapepala ndi pensulo zimakhala pansi pa bedi, kambale ka nyemba 10 kali pa shelefu ya kantemba pafupi ndi sikelo, ndipo 5 koloko ikakwana mwana wanga wamkulu amagulitsa kwa mphindi 15 ine ndili kuseri ndi kope.